Ndinayankha 22, yankho linali 64

Uthengawo unalowa pa WhatsApp cha m'ma 9 koloko usiku, Lachiwiri lina kumayambiriro kwa Okutobala. Ndinali m'kachipinda kanga ka lendi ku Ndirande, ndikulimbana ndi nkhani ya kasitomala wina yemwe ankafuna mawu 800 otamanda magetsi a sola pofika m'mawa. Chinali chithunzi cha tsamba la kope, chojambulidwa mopendekera, kuwala kwa tochi kukuonekera pakona. Pansi pake panali mawu anayi okha: "Achimwene thandizeni, akuchonga mawa."

Wotumizayo anali mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu. Ali Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kwathu ku Mangochi, m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja pakati pa Makawa ndi Nkope. Foni ndi ya amayi, bandulo ndimagula ndine, ndiye mgwirizano wathu unali woti samu ikamuvuta azinditumizira. Pabanja pathu ponse ndine ndekha amene ndinafika ku yunivesite. Zoti ku Zomba ndinkaphunzira zolembalemba, komanso kuti masamu ndinasiyana nawo tsiku lomwe ndinatuluka m'chipinda cha mayeso a MSCE, kunyumba saziwerengera. Wa digiri ndi wa digiri basi. Amafunsidwa za mankhwala a BP, za mtengo wa dola, za kalata yopita kwa amfumu, ndiye masamu a Fomu 3 angamukanike bwanji?

Funsolo linali lalifupi, m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse: "Find the perimeter of a sector of radius 21 cm and angle 60°. Take π = 22/7." Kwa amene munaiwala ngati ine, sector ndi kachidutswa ka chinthu chozungulira kodulidwa kuchokera pakatikati, monga mmene amayi amadulira chigumu chophika m'poto. Kachidutswako kali ndi mbali ziwiri zowongoka zomwe zimakumana pansonga, ndi mbali imodzi yokhota kunja. Zowongokazo ndi ma radius, yokhotayo amaitcha arc.

Ndinatenga kapepala ka risiti n'kulemba kuseri kwake. Kuzungulira chinthu chonse chathunthu ndi 2 × 22/7 × 21, yomwe ndi 132. Madigiri 60 mwa 360 ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Kugawa 132 ndi 6 kukubwera 22. Sizinanditengere mphindi zitatu. Ndinajambula kapepalako, n'kutumiza, n'kuwonjezera mawu akuti "22 cm. Zophweka izi mwana iwe, uziwerenga," ndi kankhope koseka pamwamba pake. Ndinabwerera ku magetsi anga a sola mtima uli mbee.

Lachinayi madzulo kunabwera chithunzi china cha tsamba lomwe lija. Pa 22 wanga panali mtanda wofiira, ndipo pambali pake aphunzitsi analemba 64 cm. Pansi panali liwu limodzi: "Munalakwa." Lopanda "achimwene".

Nditayang'ana chojambulacho kachiwiri ndinamva kutentha kumaso. Ine ndinapeza kutalika kwa mbali yokhota yokha. Funso linkafuna m'mphepete monse. Ukayamba pansonga, umayenda masentimita 21 kutsata radius, kenako 22 kutsata mbali yokhota, kenako 21 enanso kubwerera pansonga pomwe unayambira. Ukaphatikiza 21, 22 ndi 21 ndi 64. Mwana wa Sitandade 4 atha kuphatikiza zimenezo. Mbali yovuta, ya 22/7 ndi madigiri, ndinaikhoza bwinobwino, n'kuiwala yophweka.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa. Ine masamu ndinakhoza ndi credit pa MSCE, koma ndinkakhoza ndi kuloweza. Mafomula ndinkawaimba ngati nyimbo za kwaya, usiku ku pulepu, ndipo m'mutu mwanga liwu lakuti sector linamatirirana ndi nyimbo imodzi yokha: engo kugawa ndi 360, kuchulukitsa ndi 2πr. Nditangoona liwulo pafoni nyimbo inayamba yokha, ndipo ndinaimba mpaka kumapeto osayang'ana chojambula. Liwu lakuti perimeter ndinalidumpha ngati mmene timadumphira "Dear customer" pa uthenga wa kampani ya foni. Chonsecho liwulo likunena zonse. Linachokera ku Chigiriki, peri kutanthauza mozungulira ndi metron kutanthauza muyeso. Kuyeza mozungulira. Zimenezi ndaziwerenga posachedwa pano, zaka zisanu ndi zitatu chilembereni mayeso. Kusukulu linali phokoso chabe lachingerezi lomwe ukalimva umayenera kukumbukira chochita.

Ndipo kwathu kuja nkhaniyi ndi yolemerapo. Mwana wa ku Mangochi nthawi zambiri amayankhula Chiyao ndi anzake kapena ndi agogo, Chichewa pamsika ndi pawailesi, kenako belu likalira amauzidwa kuti aganize za zinthu zozungulira m'Chingerezi. Sindikunena kuti masamu a sekondale awamasulire onse mawa, ayi, ineyo sindingadziwe kuti π tingamutche chiyani. Ndikungonena kuti pakati pa liwu ndi chinthu chenichenicho pamakhala kamtunda, ndipo ambiri a ife tinakadumpha ndi kuloweza.

Ndinatumiza mauthenga awiri opepesa mwa nthabwala. Onse anaoneka kuti awerengedwa, koma yankho silinabwere. Sabata yotsatira sikunabwere samu ina iliyonse.

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, ndinanyamuka ndi kachitenje ka amayi m'chikwama. Amene munayendapo msewu umenewu pa tsikuli mukudziwa mmene zimakhalira. Kuchokera ku Limbe, kudutsa Zomba, Liwonde, Ulongwe, msewu wonse umadzaza ndi magalimoto a anthu opita kukasangalala kunyanja, nyimbo zili pamwamba, mabokosi a zakumwa ali kumbuyo. Ife a minibasi tinapanikizana anayi anayi, ndipo titangodutsa Liwonde kutentha kwa Okutobala kunayamba kutiphika. Pa boma pa Mangochi ndinasintha galimoto n'kukwera yolowera ku Monkey Bay. Ndimaseka ndekha nthawi zonse ndikaona anthu akulipira ndalama zambiri kuti akagone usiku umodzi pafupi ndi mchenga umene ine ndinkathamangitsidwapo ndi amayi kuti ndikasambe.

Mlongo wanga anandilandira chikwama, anandipatsa moni wonse woyenera, anandibweretsera madzi. Zonse zinali m'malo mwake, koma aliyense amene ali ndi mlongo akudziwa ulemu wina umene umapweteka kuposa mwano. Titadya nsima ya usipa ndinamupempha kope lija. Anazengereza, kenako anabwera nalo n'kuliika pamphasa, osati m'manja mwanga.

Pafoni sizinkaoneka, koma papepala lenilenilo zinali poyera. Pansi pa 22 wanga, wolembedwa ndi bolopeni, panali zipsera za pensulo yofufutidwa. Nditapendeketsa tsambalo pa nyali ndinawerenga: 22 + 21 + 21 = 64.

"Iwe, unali utapeza kale?"

"Ee."

"Nanga unanditumiziranji?"

"Ndimafuna mungonditsimikizira. Ndiye inu munati 22."

"Osandifunsa bwanji kuti ine ndapeza 64?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, ndipo zinalidi zopusa. "Inu ndi a digiri, achimwene. Munatinso n'zophweka."

Zotsalazo anandiuza amayi, iye atapita kukatsuka mbale. Yankho langa analigawirako anzake awiri. Aphunzitsi atalemba 64 pa bolodi, mwanayu, yemwe sayankhulayankhula m'kalasi, anaimika mkono n'kunena kuti yankho ndi 22 chifukwa achimwene ake a ku yunivesite atero. Aphunzitsiwo sanamunyoze, anangomuitana kuti abwere adzayendetse chala m'mphepete mwa chojambula pa bolodi. Chala chinayenda mbali zitatu. Kalasi yonse inaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo anyamata ena akumuitana kuti "Twente-thuu".

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, ndipo sikunali kutentha kokha. Mamalikisi a samu imodzi ya homuweki si kanthu. Chimene chinandivuta ndi chofufutira chija. Mwanayu anayang'ana chojambula ndi maso ake, anayenda mbali zonse zitatu, anapeza zoona, kenako anazifufuta ndi dzanja lake chifukwa munthu wina wa ku tauni, amene sanayang'ane n'komwe, anayankhula motsimikiza. Chaka chamawa akhala pa mayeso a MANEB ali yekha, popanda foni, popanda achimwene. Akufuna unamwino, ndipo maphunziro a zaumoyo amafuna credit ya masamu, kutanthauza kuti pa magiredi a 1 mpaka 9 aja asapitirire 6. Mwa atsikana amene anayamba nawo Fomu 1, ena ali pabanja kale. Anyamata ena analowa m'nyanja, ena anakwera basi ya ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a kwathu. Chimene chamusunga iye pasukulu mpaka lero ndi kamtima kena kouma komuuza kuti mutu wake umagwira. Ine ndi kankhope kanga koseka ndinakapondapo.

M'mawa mwake ndinawatsatira ababa kunyanja. Anasiya kukoka khoka msana utayamba kuvuta, pano amasoka maukonde a anthu pansi pa mtengo, ndipo amalipidwa pang'ono kapena kupatsidwa ndiwo. Kunali kutatsala masabata awiri kuti nyanja itsekedwe pa 1 Novembala, nyengo imene makoka amaletsedwa kuti chambo chiswane, ndiye aliyense anali pa liwiro. Mlongo wanga anabwera ndi tiyi wa ababa m'botolo. Ndinamuuza kuti adikire, ndikufuna ndikonze mlandu wanga.

Ndinazika kamtengo mumchenga, ndinamangirira kachingwe ka ukonde, n'kujambula mbali yokhota ndi nsonga ya bango. Kenako ndinalemba mizere iwiri yowongoka kuchokera pa kamtengo paja. Ndinayamba kufotokoza ngati mphunzitsi, koma ababa, omwe sukulu anailekeza Sitandade 3, anandidula.

"Limenelotu ndi khoka."

Anaika singano yawo pansi n'kuloza ndi chala cha kuphazi. Gulu limodzi limatsala pamtunda litagwira chingwe. Bwato limapalasa kulowa m'nyanja likumasula chingwecho mpaka chithe. Kenako limakhota, likuponya ukonde mozungulira, ndipo ukonde ukatha limabwerera kumtunda ndi chingwe chachiwiri. Magulu awiri amayamba kukoka atatalikirana, n'kumayandikirana pang'onopang'ono mpaka akumane malo amodzi.

"Ndiye a digiri awerenga chiyani pamenepa?" anafunsa mlongo wanga, ine ndili pomwepo.

"Awerenga ukonde wokha, ababa."

"Zingwe ayi?"

"Zingwe ayi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Bwana, ukonde wopanda zingwe mudzaukoka ndi chiyani, mano?"

Ndikudziwa kuti wina wa masamu enieni anena kuti khoka si sector yeniyeni. Zingwe zake siziyambira pamalo amodzi, ndipo ukonde m'madzi umapindika mmene mafunde afunira. N'zoona. Koma chiyambireni Fomu 1, aka kanali koyamba kuti ndione chinthucho ndi maso, osati kungomva nyimbo yake. Mwini khoka akamawerengera ndalama, zingwe ziwirizo sangaziiwale, chifukwa amazigula ndi ndalama zake. Pa samu yathu ija zingwe ndi 42, ukonde ndi 22. Zomwe ndinasiya zinali zochuluka pafupifupi kawiri kuposa zomwe ndinawerenga.

Ababa anapitiriza ndi zawo, monga achitira akuluakulu akapeza omvetsera. Anati ali mnyamata chambo chinkagwidwa pafupi, moti zingwe zinali zazifupi ndipo anthu ochepa ankakwanitsa kukoka. Pano chambo chinachepa, zimene aliyense wogula nsomba ku Limbe akuzidziwa ndi thumba lake, ndiye eni makoka amalumikiza zingwe kuti ukonde ukagwe kutali. Mlongo wanga, yemwe anali chete nthawi yonseyi, anagwada n'kutalikitsa kachingwe kanga kawiri, n'kujambula mbali ina yokhota kunja kwa yoyamba ija. Anati ngati engo siisintha, radius ikakula kawiri, mbali yokhota imakulanso kawiri, ndiye zonse pamodzi zichoka pa 64 kufika pa 128. Ndinawerengera pafoni mobisa. Zinali zoona.

Kenako anandifunsa funso limene ineyo sindinafunsepo pa zaka zinayi za sekondale: n'chifukwa chiyani mafunso amenewa amakonda 7, 14, 21? Limeneli ndinali nditalikonzekera, chifukwa manyazi anandiwerengetsa sabata yonse. π ndi nambala yosatha, imayamba 3.14159 n'kumapitirira osabwereza dongosolo lililonse. 22/7 ndi yongoyandikira, yokulirapo pang'ono. Archimedes wa ku Syracuse, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndi amene anasonyeza kuti π ndi yocheperako pa 22/7. Olemba mafunso amasankha radius yogawika ndi 7 kuti 7 wa pansiyo afe, mwana asavutike ndi madesimo. Choncho ukaona 21 kapena 14 pa funso, dziwa kuti wolembayo wakukonzera njira. Za 360 ndinamuuza zomwe mabuku ambiri amanena, kuti zinachokera kwa anthu a ku Babulo omwe ankawerenga m'magulu a 60, monga mmene ola lilili ndi mphindi 60 mpaka lero. Ababa anati Babulo yekhayo ndi amene amumvapo pa zonse ndanenazi.

Pobwerera kunyumba ndinamupepesa, popanda nthabwala. Kwathu mkulu sapepesa mwana kawirikawiri, ndipo mawuwo anatuluka mokhota ngati arc yomweyo. Ndinamuuza kuti kulakwa samu ndi kwanga, koma chimene chikundiwawa n'choti anafufuta yankho lake. Sanayankhe. Anangoti tifulumire, amayi aphika chigumu.

Chigumucho chinali cha dzulo lake, cha Tsiku la Anakubala, koma chinaphikidwa mochedwa chifukwa nthochi zinali zisanapse bwino. Amayi atachitulutsa m'poto, mlongo wanga anatenga mpeni n'kudula gawo limodzi mwa magawo anayi, la ababa. Kenako anandiyang'ana ndi nkhope imene sindinaikonde.

"Achimwene, tinene kuti radius ya chigumuchi ndi 14. Chisanadulidwe perimeter ndi 88. Pano ndachotsa kota. Yatsala bwanji, yachepa kapena yachuluka?"

Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndinene kuti yachepa. Wachotsa chinthu, chichuluka bwanji? Ndinadzigwira. Ndinayendetsa chala m'mphepete mwa chotsalacho, chikutentha chomwecho. Mbali yokhota yatsala magawo atatu mwa anayi a 88, yomwe ndi 66. Koma mpeni wasiya mbali ziwiri zatsopano zolowa mpaka pakati, 14 ndi 14. Zonse pamodzi 94.

"Yachuluka," ndinatero. "94."

"Mwatenga nthawi," anatero, koma anali akumwetulira.

Kachinthu kameneka kakundisangalatsabe mpaka lero. Chigumu chachepa, koma m'mphepete mwake mwatalika. Nditabwerera ku Blantyre ndinakhala pansi kufufuza kuti zimasiya liti kutero, ndipo ndinapeza kuti malinga ngati chidutswa chomwe wachotsa sichikupitirira madigiri pafupifupi 114, mbali ziwiri zatsopanozo zimaposa mbali yokhota imene yapita. Ukadula theka lenileni, madigiri 180, ma radius awiri aja amagona mzere umodzi, ndipo pa chigumu chathu umapeza 44 kuphatikiza 28, yomwe ndi 72. Ndinachita zimenezi usiku, kasitomala wina akudikira nkhani yake ya inshuwalansi. Palibe amene anandituma.

Amayi sanalowerere pa zonsezi. Anangofunsa ngati masamu athuwo atha kuti anthu adye.

Tinasintha mgwirizano. Pano akamatumiza samu amatumiza ndi yankho lake lomwe, ndi njira yonse imene wadutsa, ndipo ndinamulonjeza kuti sindidzatumizanso nambala yokhayokha. Ndikapeza zosiyana ndi zake ndimangonena kuti tasiyana, aliyense ayang'anenso. Pensulo yake asafufute mpaka mmodzi agonje ndi umboni. Dzina lija la "Twente-thuu" silinathe kusukulu, koma akuti pano amayankha akaitanidwa choncho, ndipo mtsikana wina wa Fomu 4 wayamba kumubweretsera masamu ake.

Dzulo usiku kunabwera ina, ya sector ya madigiri 135 ndi radius 28. Iye wapeza 122. Ine ulendo woyamba ndinapeza 66, ndipo ndinatsala pang'ono kulemba kuti tasiyana, chala chili kale pa foni. Ndinabwerera pa chojambula n'kuwerenga mbali. Ndamulembera kuti 122 ndi yoona, ndiponso kuti achimwene ake anaiwalanso zingwe. Uthengawo ukuonetsa kachizindikiro kamodzi kokha, ndiye kuti bandulo yatha, ndiyenera kutumiza ina ndisanagone.